Penti wa pa Mfuti ya Tordis

Lachinayi, 7 Novembala

Tordis wabwerako ku kalabu ya owombera mfuti 1 koloko isanakwane n'komwe. Zaka makumi anayi ndi zinayi tili pabanja, Lachinayi lililonse mkaziyu amabwera dzuwa litalowa, atamwa khofi wa eni ake komanso atanyoza aliyense wowombera m'mbali. Lero ayi. Walowa, watsekera mfuti m'kabati yachitsulo, wakhala pampando jekete ili m'thupi.

Ndamufunsa kuti kwagwanji. Akuti palibe. "Palibe" wa Tordis ndimamudziwa ine, ndiye ndangotuluka kupita kushedi.

Nkhani ndaimva kwa Oddvar, wapampando wa kalabuyo, amene waimba foni ndili komweko. Akuti Tordis anaima pamalo ake a masiku onse, nambala 4, iyeyo pa 5. Aliyense zipolopolo zisanu. Popita kukaona, chandamale cha Tordis chili mbee, chopanda n'kabowo komwe. Cha Oddvar mabowo khumi.

"A Arnfinn, musanditenge ngati munthu woipa," watero. "Amayiwa ndi amene anandiphunzitsa kugwira mfuti. Koma aka n'kachiwiri chaka chino, ndipo mfuti si mbedza."

Komiti yagwirizana kuti Loweruka la sabata yamawa, pa 16, Tordis awombere zipolopolo khumi iwo akuona. Zonse zilowe pakuda, pa chandamale chake. Chimodzi chikangotuluka, basi, asiye.

Tikudya madzulo ndamuuza kuti ndamva. Sanadzutse mutu. Wangoti, "Zisanu zapakatizo zinali zanga. Wakuuza zimenezo?"

Sanandiuze.

Lachisanu, 8 Novembala

Ine za mfuti sindizidziwa ndipo sindinazifunepo. Ndinali wopenta nyumba kwa zaka 46, theka la nyumba za m'chigwa muno zadutsa m'manja mwangamu. Iye mfuti yake, ine bulashi yanga, tinagawana choncho kalekale.

Koma lero ndafunsa. Ndati, kodi n'chandamale chimene sukuchiona?

"Chandamale sichioneka bwino kwa aliyense, nkhalamba iwe. Diso limakhala pa kachitsulo kolozera ka kunsonga kwa mfuti. Chandamalecho chimangokhala mbuu kutsogoloko, ndi mmene ziyenera kukhalira."

Ndiye vuto lili pati?

"Kachitsuloko kakundisowa. Chakuda pa chakuda. Ndikamakafunafuna ndiye dzanja limayenda."

Ndinafuna kuseka koma ndinadzigwira. Chifukwa moyo wake wonse Tordis amakadetsa dala kachitsuloko. Asanawombere amayatsa kandulo, n'kukaika pa utsi mpaka kade bii ndi mwaye, kuti kasanyezimire. Anaphunzira kwa bambo ake. Fungo la kandulo lija lili m'majekete ake onse.

Ndati, bwanji tikapake penti wowala?

Abale! Bola ndikanamutukwanira makolo. "Penti? Pa mfuti yanga? Ndiye ndivalenso chipewa cha nthenga!" Achinyamata a ku kalabu amapaka tizitsulo tawo ndi kyutekisi, wofiira, wobiriwira, ndipo Tordis wakhala akuwatcha "a zikhadabo" kwa zaka khumi. Ndiye lero akalowe kumeneko atapaka?

Ndamusiya. Koma mantha ndili nawo, ndilembe pano poti palibe wowerenga. Ali ndi zaka 71. Ana ali kutali. Mukamuchotsera Lachinayi lake, sabata yake ikhala ndi chiyani? Ine ndi mbatata?

Loweruka, 9 Novembala

Tsiku lonse akupukuta mawindo oyera kale.

Lamulungu, 10 Novembala

Titamwa khofi wa masana wadzuka, wapita ku kabati, ndamva kiyi. Patapita kanthawi wabwera n'kuika kanthu m'sosala yanga, pambali pa buledi wa tchizi. Kachitsulo kakuda, kochepa kuposa njere ya mpunga iwiri, ndi kasikuluwu kake.

"Usauze munthu," watero. "Ndipo si wofiira. Sindine mtsikana wa pa bala."

Ndati chabwino, bwana.

"Ukakataya ndikukwirira kuseri kwa shediyo."

Ndakanyamula ngati dzira. Mtima wanga unali kuvina, ngakhale nkhope ndinaiumitsa. Zaka zonsezi sanandilolepo kukhudza ngakhale bokosi la mfutiyo.

Lolemba, 11 Novembala

Ndakatsuka ndi thinazi kuchotsa mwaye ndi mafuta. Mwaye wa zaka makumi atatu, nsalu inada ngati ndapukuta chumuni. Ndakamanga pa vaisi, ndapaka woyera. Woyera weniweni wa mafelemu a mawindo, osati zoseweretsa za m'zikhadabo. Chakuda chikamasowa, mankhwala ake n'choyera, nanga pamenepa pafunikanso sukulu?

Ndakaika pa shelefu ya pamwamba pa mbaula kuti kaume.

Madzulo chipale chofewa chayamba kugwa. Choyamba chaka chino.

Lachiwiri, 12 Novembala

Zandivuta.

Tapita ku kalabu cha m'ma 11, kulibe munthu, Tordis ali ndi kiyi wake. Aka n'koyamba ine kudutsa chitseko cha kumalo owomberako. Kale ndinkathera pagalimoto, kapena kukhitchini pa tsiku la mawafulo, zitumbuwa zotsekemera zija. Wandiveka zotseka m'makutu, wandiimika kumbuyo kwa mzere wachikasu ngati mwana wa sukulu. "Usasunthe, usayankhule, usandithandize."

Wakweza mfuti ndi dzanja limodzi, linalo m'thumba. Ha, koma mkaziyu akaima pamenepo! Msana njoo, dzanja phee ngati lakhomedwa pakhoma. Ndakhala naye zaka zonsezi osadziwa kuti amaoneka chonchi.

Wakweza, watsitsa. Wakwezanso, watsitsa. Kenako wachotsa zipolopolo, waika mfuti pathebulo, wandikodola.

"Taima apa. Ukuona chiyani kutsogoloko?"

Chipale. Mulu wa dothi wa kumbuyo kwa zandamale wayera mbee, mitengo mbee, pepala la chandamale mbee.

"Wapaka chipale pa chipale, mmisiri wamkulu. Pokweza mfuti kachitsuloko kakusoweratu, ndikukapeza kakafika kale pakuda. Bola poyamba."

Sanawombere ngakhale chimodzi. Pobwerera ndayendetsa galimoto ndikudzidzudzula mumtima. Ine amene ndinkaletsa anthu kupaka nyumba zam'phiri penti woyera chifukwa m'dzinja la chipale sizioneka! Manyazi bwanji.

Atsala masiku anayi.

Lachitatu, 13 Novembala

Olenji. Ndinali nako kachitini kamene kanatsala nthawi ija ndinkapaka mitengo ya m'mbali mwa msewu wathu, yoti galimoto yokankha chipale iziona pothera msewu. Ngati amaoneka m'chimphepo, alephera pa mfuti?

Ndamuonetsa chitinicho. Wayang'ana nthawi yayitali. "Olenji si wofiira?" Ndati ayi, si wofiira. "Chabwino."

Ndagwira ntchito mmene ndinaphunzirira kwa abwana anga ndili ndi zaka 17. Woyera uja wakhala andakoti, penti wapansi. Pamwamba pake olenji, kuuma, olenjinso. Kenako vanishi, kuti mafuta asamudye. Ntchito yoti ikhale zaka makumi awiri.

Kakuwala ngati khala la moto. Ndakhutira.

Lachinayi, 14 Novembala

Talawirira, kuti tikawombere anzake a Lachinayi asanafike. Wakweza mfuti, ndipo ndamumva akukoka mpweya. "Kali apo," watero, osati kwa ine. Phaa! Phaa! Zisanu. Kenako zisanu zina.

Tayenda limodzi kukaona. Mabowo khumi ali pamodzi bwinobwino, ukanawaphimba ndi chivundikiro cha botolo la jamu. Koma onse pansi. Atatu okha alowa pakuda, asanu ndi awiri ali papepala loyera mmunsi mwake.

Ine osadziwa kanthu ndayamba kusangalala. Ndati taona, ali pamodzi!

Wabwerera pathebulo, wayendetsa chikhadabo pamwamba pa kachitsulo kaja.

"Wapaka kangati?"

Kanayi, kuwerengera vanishi.

"Kanayi! Arnfinn, iyi ndi mfuti, si khola la ng'ombe! Wakaveka chipewa. Kachitsulo kakatalika ngakhale ngati tsitsi, chipolopolo chimapita pansi. Amapaka nkhope yokha yoyang'ana kwa wowombera, pamwamba pazikhala pakuthwa. Taona chibuluma ichi!"

Ndati ndiye bwanji sunanene? Ndipo si pali kasikuluwu kumbuyoko kokwezera?

"Kameneko sindinakakhudze chiyambire 1994, ndipo sindikakhudza masiku awiri asanandiyese chifukwa cha phala lako."

Phala! Ntchito yanga n'kuitcha phala. Ndati ngati uli wodziwa chomwecho dzipakire wekha, kapena kabwereke kyutekisi kwa a zikhadabo ako aja. Nthawi yomweyo tamva galimoto ya Oddvar ikulowa. Tordis waphimba mfuti ndi nsalu mofulumira ngati wakuba, wailowetsa m'bokosi, tatulukira khomo lakumbuyo. Mayi amene anapambana mpikisano wa chigawo chino kasanu ndi kamodzi, kuzemba pa kalabu yake. Zimenezi zandipweteka kuposa phala lija.

Kunyumba sitinayankhulane. Supu wa nsawawa zouma, aliyense maso m'mbale.

Tsopano ndilembe zoona. Sindinapake kanayi chifukwa cha mwambo wokha. Dzanja langa lamanja likunjenjemera. Linayamba cha m'ma Epulo. Pa khoma lalikulu sizioneka, koma pa kanthu ngati kameneka bulashi imavina, penti amapita kumbali, ndiye ndimapakanso kuti ndibise. Ndi chifukwa chake khofi ndimamwera kumanzere masiku ano. Tordis sakudziwa. Kapena sakuona.

Lachisanu, 15 Novembala

Mmawa ndapeza kachitsulo kali m'sosala.

Ndakaviika mu thinazi, ndachotsa zonse mpaka chitsulo chokha. Bulashi ndaisiya, ndasongola kamtengo kotokosera m'mano. Ndaviika nsonga yokha mu woyera. Ndikuyandikira, dzanja layamba. Ndabwerera. Ndayandikiranso, penti wagwera pa vaisi. Kachitatu wapita pamwamba penipeni pamene wandiletsa. Ndachotsa, ndayambiranso. Kasanu. Thukuta kamukamu m'shedi yozizira chonchija.

Sindinamumve akulowa. Ndangomva fungo la khofi. Anali ataima pakhomo ndi makapu awiri, kaya kwa nthawi yayitali bwanji.

"Kuyambira liti?"

Ndati chiyani.

"Usandipusitse. Kamtengoko sindikukaona, koma chigongono chakocho ndikuchiona."

Ndamuuza. Ndimayembekeza kuti akalipa chifukwa chomubisira. Waika makapu pansi, wakoka mpando, wakhala pafupi nane.

"Vuto lako ukulimbana nalo," watero. "Dzanja la aliyense limanjenjemera. Langa limanjenjemera. Ukalimanga ndiye limakula. Zigongono zonse pathebulo. Eya. Koka mpweya. Tulutsa theka. Ima pomwepo. Usadikire kuti lisiye, silisiya. Ungopita."

Wagwira mkono wanga pamwamba pa wotchi, osafinya. Dzanja lake lofunda, louma. Ndakoka mpweya, ndatulutsa theka, ndakhudza kamodzi. Kadontho koyera kakhala pankhope pa kachitsulo, pamwamba pali bii.

"Zatheka?" wafunsa. Nkhope yake inali pafupi kwambiri ndi vaisi, koma amafunsa ine.

Ndati zatheka.

Masana tachitanso chimodzimodzi ndi olenji. Kamodzi kokha, popanda vanishi, ngakhale mtima wa mmisiri unkandiwawa. Kauma mochedwa, kunja kwada kale, ndiye kuyesa sikunatheke. Akawombera mawa osadziwa kumene zipolopolo zigwere.

Pochoka m'shedi wati, "Lolemba ukuimbira dokotala." Ndati iwenso. Wati, "Usandiyambe."

Loweruka, 16 Novembala

Kunabwera anthu ambiri kuposa komiti. Akuti abwera kudzakonza denga la shedi ya nkhuni, koma nyundo sindinaione ndi imodzi yomwe. Ragnhild analipo, namwino uja amene Tordis anamuphunzitsa zaka zitatu zapitazo, amene mpaka pano amabwereka mfuti ya kalabu. Anabwera ndi mawafulo, maso ali ofiira.

Tordis atatsegula bokosi, kachitsulo kanawala mpaka kumbuyo kumene ndinaima. Kenako mkulu wina anati, "Aa, amayi, mwalowa mpingo wathu? Takulandirani kwa a zikhadabo!" Anthu anaseka, ena mwamantha.

"Uyu si kyutekisi," anatero Tordis osatembenuka. "Uyu ndi penti wa mmisiri. Ndipo iwe ngakhale utapaka mfuti yonse, nkhokwe sungailase uli mkati mwake."

Apo ndiye anaseka zenizeni. Ine ndinayang'ana nsapato zanga.

Oddvar anaika zandamale zisanu ndi zitatu monga mwa masiku onse, chilichonse ndi nambala yake pamwamba, koma wowombera anali mmodzi. Anati, "Mukakonzeka, amayi." Mawu ake ankanjenjemera kuposa dzanja langa.

Anaima nthawi yayitali asanakweze. Ndinkaona mutu wake ukuyenda pang'onopang'ono kuchokera kumanzere. Kenako anakweza. Ndinapezeka kuti ndikupuma naye limodzi, kukoka, kutulutsa theka. Khumi.

Oddvar anapita yekha. Anaima pa nambala 4, anawerenga ndi chala, anawerenganso. Anatembenuka n'kukweza manja onse awiri, zala zonse zotambasula. Ragnhild anakuwa. Ine ndinalira, sindibisa, ndinanamizira mphepo. Oddvar anabwera n'kumugwira Tordis chanza ndi manja awiri. "Pepani amayi. Nambala 4 ndi yanu."

Wadya mawafulo atatu. Wanyoza aliyense.

M'galimoto anatsamira mpando, maso kutsogolo. Ndimati watopa. Titafika pa mlatho anati ndiime pambali. Ndinaima.

"Kachitsulo kako ndinakaona bwino," anatero. "Sindinakaonepo bwino chonchija zaka khumi."

Ndinati ndiye tikondwere.

"Nambala sindinaione, Arnfinn. Ngakhale ndi mfuti ili pansi, maso onse ali pamenepo. Ndinawerenga kuyambira kumanzere. Wani, thu, fili, folo. Mawanga asanu ndi atatu akuda, ndinawerenga mawanga. Tsiku lija ndinawerenga molakwa, lero ndawerenga bwino. Kusiyana kwake n'komweko."

Ndinati koma walasa khumi.

"Dzanja likudziwa njira. Koma munthu atati waima kutsogoloko atavala jekete yakuda, ndikanamuwerenga nayenso."

Galimoto ya matabwa inadutsa, yathu inagwedezeka. Ndinati palibe amene akudziwa. Ndinanenadi zimenezo, ine, munthu wamkulu ndithu.

"Ndikudziwa ine," anatero. "Tiye kunyumba, mapazi azizira."

Lamulungu, 17 Novembala

Nkhani ija sitinaikambe. Wakhala nthawi yayitali akupukuta mfuti pa thebulo la kukhitchini, chidutswa chilichonse pachokha. Ine ndimangodutsadutsa ngati ndikufuna kanthu m'firiji.

Penti wanga wamuthandiza kupambana, kapena wamuthandiza kubisa? Kaya.

Lolemba, 18 Novembala

Dokotala ndamuimbira, andiona pa 29. Tordis anaima pambali panga mpaka ndamaliza, kenako anati, "Bweretsa foniyo."

Ndimati akuimbira dokotala wa maso. Waimbira Oddvar. Sanapite kuchipinda, wayankhula ndili pomwepo.

"Oddvar, ndine. Nambala 4 ija umupatse Ragnhild... Ayi, sindikudwala... Ayi, si iweyo, usayambe kulira pa foni, ndiwe wapampando... Ndapambana, eya, ndinalipo. N'chifukwa chake ndikunena ndine, osati komiti yako. Mfutinso atenga iyeyo, mapepala ake a chilolezo akatuluka. Khofi wa Lachinayi ndizibwerabe, wina aziwauza anthu amenewo kuti sakutha."

Waika foni. Wakhala pang'ono akuyang'ana pawindo. Ndinafuna kumugwira paphewa koma ndikumudziwa.

Masana wabwera kushedi ndi kachitsulo kaja m'dzanja. Wakaika pa vaisi.

"Uchotse pentiyo. Mtsikana uja maso ake ndi abwino, akufunika chakuda. Ndimuphunzitsa za kandulo."

Ndakayang'ana. Kadontho kamodzi, kosalala, kosapitirira m'mbali. Pa zonse zimene ndapaka moyo wanga, matchalitchi awiri ndi sukulu, palibe chimene ndinachita bwino ngati kameneka, ndipo sindinachite ndekha.

Ndati thinazi watha.

Botolo linali pa shelefu patsogolo pathu, lodzaza kufika pakhosi. Lalikulu, loti ngakhale iye akhoza kuliona. Waliyang'ana, wandiyang'ana.

"Ukagule ukapita ku tauni," watero. "Palibe changu."

Wakoka mpando uja, wakhala.